Mapanelo a Solbian pa boti: werengani maselo musanajambule kukula kwake

Solbian ndi kampani ya ku Italy imene imapanga mapanelo a sola opyapyala, opindika pang'ono, ndipo imawadula motsatira malo amene muli nawo pa boti. Mumayala katoni pa denga kapena pa deki, n'kudula mozungulira zitseko ndi zomangira zingwe, miyeso ija n'kutumiza. Mumasankhanso komwe waya atulukire ndi kamangidwe kake, kaya guluu, zibowo za m'mphepete kapena zipi yolumikiza ku tenti. Mtundu wa SP uli ndi maselo (timagawo ta panelo tosandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi) a SunPower, omwe pa malo ochepa amatulutsa magetsi ambiri. Apa palibe chodandaula. Panelo imagona bwino pa denga lokhota, ndipo siilemetsa boti kumwamba ngati ya galasi ya felemu.

Vuto limayamba munthu akatengeka ndi maonekedwe n'kuiwala kuwerenga maselo. Selo limodzi limapereka pafupifupi 0.6V likamagwira ntchito. Panelo yaing'ono ya maselo 16 ndiye kuti ili cha m'ma 10V, ndipo batire ya 12V siingadzaze payokha. Kontirola (kachipangizo kowongolera magetsi ochoka ku panelo kupita ku batire) ya Victron SmartSolar 75/15, yomwe ambiri amaikonda chifukwa imaonetsa zonse pa foni, imadzuka pokhapokha voteji (V) ya panelo ikaposa ya batire ndi 5V. Mukaimangirira ku kapanelo kotere, dzuwa lingaswe mtengo koma batire ili phee. Njira n'ziwiri: lumikizani mapanelo awiri motsatizana kuti voteji iphatikizane, kapena gulani kontirola yokweza voteji ngati Genasun GVB. Victron imeneyi malire ake ndi 75V ndi 15A, kutanthauza mapanelo a 220W pa batire ya 12V, ndipo imafuna malo ouma, osati pomwe mafunde amawaza.

Mthunzi nawo ndi mdani. Maselo amakhala pa mzere umodzi, choncho mlongoti ukaphimba selo limodzi lokha, mzere wonse umafooka. Pa boti ya matanga ndi bwino panelo ya kumanja ndi ya kumanzere iliyonse ikhale ndi kontirola yakeyake.

Panelo yomatidwa ilibe mpweya pansi, motero imatentha. Ikaposa 25°C imataya pafupifupi 0.3% ya mphamvu yake pa digiri iliyonse, ndiye ikafika 65°C masana mwataya 12%. Ya 100W muiyembekezere kupereka cha m'ma 30Ah pa tsiku la dzuwa labwino, osati zoposa apo. Pomata pakhale polimba. Deki yopindika munthu akaponda imathyola maselo m'kati, ming'alu yosaoneka ndi maso, mphamvu n'kumangotsika mwezi ndi mwezi. Ndipo guluu uja akagwira wagwira, kuimatula n'kuiphera pomwepo.

Waya akhale wa kopa wokutidwa ndi tini, wa 4mm², fyuzi ya 20A pafupi ndi batire, ndipo bowo lolowera waya mulitseke ndi guluu wotchinga madzi wa Sikaflex 291i. Madzi a Nyanja ya Malawi alibe mchere, dzimbiri silithamanga ngati ku Beira, komabe mwera ukawomba madzi amapeza bowo lililonse losamatidwa.

Mtengo wake ndi wowawa, kuposa wa panelo ya galasi kangapo, osawerengera kutumiza ndi msonkho. Kwa boti yonyamula alendo ku Cape Maclear kapena ya matanga ya denga lokhota, ndalamayo ikumveka. Boti ya matabwa ya usipa, yongofuna kutchaja mabatire a nyale, panelo ya galasi pa felemu yokwezeka masentimita asanu ikwanira, ndipo idzakhalitsa kuposa yopindikayi.