Makina Oumitsira Zovala Sakutentha: Fyuzi Kapena Elementi?

Chiperoni chikabwera ku Blantyre zovala siziuma panja, ndiye makina akamangozungulira osatentha, mavuto ali pakhomo. Zulani pulagi kaye, tsegulani kumbuyo, muyeze ndi multimeter, mita yam'manja yoyezera zamagetsi.

Yambirani fyuzi yoteteza kutentha, kachipangizo kakang'ono pafupi ndi elementi (waya wotenthetsa mpweya), chifukwa ndi yotsika mtengo. Yabwino imaonetsa pafupifupi 0 ohms. Kawirikawiri imapsa chifukwa timaulusi tatseka fyuluta kapena paipi yotulutsira mpweya. Mukaisintha osachotsa timaulusito, yatsopanoyo ipsanso. Chonde musalumikize waya wamba m'malo mwake, moto ungabuke.

Elementi ya 2,000W pa 230V imaonetsa pafupifupi 26 ohms. Ikaduka, mita imalemba OL, kusonyeza kuti magetsi sakudutsa, ndipo nthawi zina podukapo pamaoneka ndi maso. Elementi ndi yokwera mtengo ndithu. Pokagula ku Limbe nyamulani yakaleyo kuti mufananize.