Mapu a Globe at Night kapena kachipangizo ka SQM: tiyeze ndi chiyani thambo la Lusaka?

Ife okonda kuyang'ana nyenyezi kuno ku Lusaka timasiyana maganizo pa njira yodziwira nyenyezi yosawala kwambiri imene ikuoneka usiku. Ena amadalira maso awo ndi mapu a nyenyezi a Globe at Night, ntchito ya padziko lonse imene anthu wamba amanena nyenyezi zimene akuona kwawo, pomwe ena amati popanda kachipangizo koyezera kuwala kwa thambo kotchedwa Sky Quality Meter, kapena kuti SQM, zonse n'zongoganizira. Njira ziwirizi zimatsamira pa muyeso wa magnitude, umene Norman Pogson anaulongosola mu 1856: nambala ikamakula kuwala kumachepa, moti nyenyezi ya magnitude 1 imaposa ya magnitude 6 kuwala maulendo 100, ndipo ya 6 imeneyo ili pafupi ndi malire a diso pamalo a mdima.

Globe at Night inayamba mu 2006 ndipo salipiritsa. Munthu amasankha gulu la nyenyezi, n'kuyerekeza zimene akuona ndi mapu angapo, aliwonse okhala ndi nyenyezi zochuluka kuposa am'mbuyo mwake. Gulu lotiyenera ife si Akamwiniatsatana, chifukwa iwo amakwera madzulo mu Januwale ndi Febuluwale, dzinja lili pakati ndipo mitambo yaphimba. Lotiyenera ndi Crux, mtanda wa kum'mwera, umene umaima bwino madzulo kuyambira Epulo mpaka Juni, mvula itatha koma utsi wa moto wolusa usanachuluke. Nyenyezi yake yachisanu, Epsilon Crucis, ili pa magnitude 3.6, choncho amene sakuiona pakhonde pake adziwe kuti magetsi amulanda thambo. Vuto la njirayi ndi munthu mwini: maso a wachikulire salingana ndi a mnyamata, ndipo amafunika mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, zomwe kungoyang'ana foni kamodzi kumazisokoneza.

SQM, yopangidwa ndi kampani ya Unihedron ya ku Canada, ilibe vuto limenelo. Mukailozetsa kumwamba imapereka nambala m'kanthawi kochepa: pafupifupi 22 pamalo a mdima weniweni, ndipo 17 kapena 18 pakati pa mzinda wowala. Yemwe akufuna kudziwa mmene kuwala kwa mzinda kukufalikira chaka ndi chaka cha ku Chongwe kapena Chisamba, apeza kuti nambala zoterezi n'zodalirika kuposa zimene iye akukumbukira. Komabe kachipangizoka n'koitanitsa kunja, ndipo chimene kamayeza ndi kuwala kwa thambo, osati nyenyezi. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kwa ife, pakuti mu Ogasiti mpaka Okutobala utsi ndi fumbi zimabisa nyenyezi zosawala, koma kutali ndi mzinda SQM ikhoza kupitiriza kunena kuti thambo ndi lakuda bwino, chonsecho mlalang'amba ukuoneka mwachimbuuzi.

Muyeso wina wa mdima wa thambo, wa Bortle wa magawo 9, umene John Bortle anafalitsa mu 2001, ndi wothandiza pocheza, koma magawo ake ndi aakulu kwambiri kuti muonemo kusintha kwa mwezi ndi mwezi.

Ine ndili kumbali ya mapu, popeza funso lathu ndi lakuti taona nyenyezi iti. SQM ndi yoyenera kuti gulu la okonda nyenyezi lisonkherane n'kugula imodzi yomabwerekana. Kaya musankha njira iti, yezani pamalo amodzimodzi, mwezi usanatuluke kapena utalowa, ndipo mulembe ngati magetsi a m'dera lanu anali atazima, chifukwa usiku wotero sungayerekezedwe ndi wina.