Boti kapena kayaki pa Cape Maclear?

Mukafika pa Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, mutapalasa njinga kuchokera ku Monkey Bay, zitunda zija zitakuswani miyendo, tsiku lopuma muzisankha bwino.

Boti ya injini ndi ya aulesi, ndipo sindikunyoza ayi. Mumangokhala phee, anyamata amakutengerani ku chilumba cha Thumbi, mukasambira ndi nsomba za mbuna zamitundumitundu zija, kenako amaimba likhweru n'kuponya kansomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kudzawakha inu mukuona. Ena amakuwotcherani kampango konko. Koma mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo mukakhala gulu imatchipa.

Kayaki, kabwato kopalasa ndi nkhafi, ndiye ina. Miyendo imapumadi koma mapewa amalira, makamaka ngati nkhafi simunaizolowere. Ubwino wake palibe chiphokoso cha injini, mumadutsa m'mbali mwa miyala ya ku Otter Point pang'onopang'ono mmene mukufunira. Ku chilumba cha Mumbo ndi kutali, pafupifupi makilomita 10, musamayese nokha opanda gaidi. Nyamukani m'mamawa, laifu jaketi osaiwala, chifukwa mwera ukayamba, makamaka June ndi July, nyanja siiseka ndi munthu.

Ine tsiku limodzi lokha ndingakwere boti basi. Kayaki imafuna mugone kawiri.