Sefa imodzi, mulu wa masefa, kapena osasefa nkomwe: golide wafumbi amagwidwa ndi ziti?

Ife amene timatsuka mchenga kufuna golide pongosangalala nazo, nkhani ya masefa sitigwirizanapo. Wina amati sefa imodzi yakwana, wina amabwera ndi masefa 9 osanjikizana ngati akukatsegula shopu, nde palinso aja oti amangotapa ndi fosholo nkukhuthulira mu pani (mbale yotsukiramo golide) basi. Ine zonsezi ndinayesapo, ndipo kusiyana kwake kumaonekera pa golide wamng'onomng'ono uja, wooneka ngati fumbi.

Kaye za manambala, poti amasokoneza. Masefa amabowo akuluakulu amatchulidwa ndi kukula kwa bowo, 1/2 inchi ndi 12.7 mm, 1/4 inchi ndi 6.35 mm. Aang'onowo amati mesh, kutanthauza kuchuluka kwa timabowo pa inchi imodzi, nde nambala ikamakula bowo likuchepa. Mesh 8 ndi 2.36 mm, 20 ndi 0.85 mm, 30 ndi 0.6 mm, 50 ndi 0.3 mm, 100 ndi 0.15 mm.

Osasefa nkomwe aja ndisatayepo nthawi. Zimathamanga inde, ndipo kachibuma ka golide sungakaphonye, koma madzi oti akankhe mwala wonga nkhonya mu sluice, kangalande koyendamo madzi kokhala ndi timizere togwira golide pansi pake, amakhala amphamvu moti kafumbi kaja sikapeza mpata wokhala pansi, kamangodutsa.

Mkangano weniweni uli pa sefa imodzi ndi mulu uja, ndipo kuti timvane apa pafunika kamasamu pang'ono. Golide wosasakanikirana amalemera ka 19.3 kuposa madzi, quartz amene ndiye mchenga woyera wambiri ka 2.65, pomwe magnetite, amene wachuluka mu mchenga wakuda uja, cha m'ma 5.2. Tinthu tikakhala tokulirapo, kambulu ka golide kamamira liwiro limodzi ndi ka quartz kokula kuposa iko pafupifupi ka 11, nchifukwa chake golide wooneka bwino ndi maso savuta olo usefe mwaulesi. Koma ukatsika kufika cha ku mesh 100 kupita mmunsi mwayi umenewu umafota, pa quartz umatsala katatu basi, pa magnetite kawiri. Tanthauzo lake nloti kagolide ka 0.1 mm kakakhala pamodzi ndi mchenga wakuda wa 0.3 mm, womira msanga ndi mchengawo, osati golide. Onjezanipo kuti golide wamumtsinje nthawi zambiri amakhala wophwatalala ngati mamba a nsomba, amatsika mozengereza, nde mwayi ochepa omwewo wachepanso.

Sefa imodzi, kaya 1/4 kaya mesh 8, kumtsinje ndiye mfumu. Imakhala pakamwa pa ndowa ya malita 20, umathira, kugwedeza, kuyang'ana zotsala, kutaya, ndipo pakutha pa tsiku wadutsitsa ndowa zambiri. Pa golide wafumbi kuchuluka kwa ndowa nkofunika kwambiri chifukwa palibe ndowa imodzi imene ingakulemeretse. Vuto limabwera pomaliza, mu pani mwatsala mchenga wakuda wokhawokha wa misinkhu yonse, kuyambira 2 mm mpaka fumbi, umazunguliza madzi mosamala bwanji koma timadontho tachikasu tikungoyenda limodzi ndi zakudazo.

Mulu wa masefa 9 umathetsa zimenezi, sindikana, koma theka lake ndi katundu wongolemetsa msana. Kuika 1/2, 1/4, 8 ndi 12 onse pamodzi nkugawa pamene sipafunika kugawa, kumtundako golide ali kale ndi mwayi wa ka 11 uja. Kenako chotsala pa sefa iliyonse uyenera kuchitsuka pachokha, mapani 9 pa ndowa imodzi, dzuwa likulowa iwe udakali pa ndowa yachitatu. Pamene ndimaupatsa ulemu mulu umenewu ndi pamalo atsopano, ndowa imodzi yoyesera, kuti udziwe golide wa pamenepo akugwera pa sefa iti. Ukadziwa basi, ena aja akagone kunyumba.

Zimene ndinakhazikikapo ndi izi, imodzi kumtsinje, atatu kunyumba. Kumtsinje 1/4 yokha kenako sluice, zogwidwa mu sluice ndimanyamula osalimbana nazo, kunyumba nde ndimadutsitsa pa 30, 50 ndi 100. Taonani manambala aja, 0.6, 0.3, 0.15, iliyonse ndi theka la inzake, ndendende malire a kawiri aja a magnetite. Mu gawo lililonse tinthu tonse timakhala tofananako kukula nde golide amabwerera pa mpando wake, kugogoda pani pang'ono chabe kamzere kachikasu kaonekera. Amene muli ndi blue bowl kapena Miller table, zida zolekanitsa golide wafumbi ndi mchenga wakuda pogwiritsa ntchito madzi oyenda, mukudziwa kale kuti zimenezi popanda kusefa motere zimangokutayitsani, poti mphamvu ya madzi yoyenera mesh 30 imakokolola wa mesh 100.

Tsopano kusefa kouma ndi kusefa m'madzi. Kouma kumatheka ngati dothi lauma gwa ndipo bowo ndi lalikulu, komanso kumene kulibe madzi palibe kuchitira mwina. Pakangokhala kachinyezi timabowo timatsekeka, ndipo choipa kwambiri golide wafumbi amamatirira ku dothi lokutira miyala, iwe nkutaya mwala ndi golide yemwe. Fumbi la quartz nalo silabwino m'mapapo. M'madzi nde bola kutalitali, dzazani ndowa mpaka waya wa sefa umire, muzipotokola uku ndi uku miyala ikutsukika yokha. Dongo ndiye mbava yeniyeni, timibulu take timagubuduzika mu sluice nkutola golide amene anali atakhala kale pansi, nde liviikeni ndi kuliphwanya ndi manja mpaka lisungunuke. Pa 50 ndi 100 kusefa kouma ine ndinasiyiratu. Kunyumba ndimadonthezamo kadontho kamodzi ka sopo wotsukira mbale chifukwa timamba ta golide timatha kuyandama pamwamba pa madzi makamaka tikauma kapena kukhudza mafuta a m'manja, koma kadontho kamodzi abale, thovu likachuluka suonanso kanthu.

Za ogula ndi opanga wekha, pa mabowo akuluakulu musawononge ndalama, ndowa yoboolaboola pansi ndi dirilo imagwira ntchito ndipo ndiyolimba, kungoti mabowo ake amakhala otalikirana nde imachedwerapo kuyerekeza ndi waya wolukidwa. Neti ya pawindo yotchinga udzudzu imakhala ndi timabowo 16 mpaka 18 pa inchi, cha m'ma 1 mm, imalowa m'malo mwa mesh 20 bwinobwino. Koma 50 ndi 100 gulani a waya wosachita dzimbiri, apa palibe chidule. Waya wa mesh 100 ndi wosachedwa kutamuka, ukamakanikiza ndi zala timabowo timakula ndipo sefa ija yasanduka nambala ina osadziwa, nde muzithira pang'onopang'ono zodutsa kale pa 50, ikatsekeka muitembenuze nkupukuta ndi mswachi wofewa chakunsi.

Chimene chinandipweteka ine, ndinatha miyezi ndikungogugudira masefa panja ndikamaliza, tsiku lina ndinayang'ana bwino m'mphepete momwe waya amalumikizana ndi pulasitiki, timamba ta golide tili mbuu titapanikizika mmenemo pa 30 ndi pa 50 pomwe. Panopa sefa iliyonse ndimaitsukira mu beseni lakelake, ndipo za m'beseni zija zimalowa mu pani pomaliza.