Block Matching, SGM ndi Neural Network: Imene Inandinamiza ndi Imene Ndabwererako

Anzanga akhala akundifunsa mobwerezabwereza njira imene ndimagwiritsa ntchito poyeza mtunda wa zinthu kuchokera pa zithunzi ziwiri zojambulidwa ndi makamera oyandikana. Njira zitatu zimene ndikambe pano, block matching, neural network ndi Semi-Global Matching (SGM), zonse zimasaka chinthu chimodzi, chomwe ndi disparity, kutanthauza kusiyana kwa malo amene kadontho kamodzi kakuonekera pa chithunzi cha kumanzere ndi cha kumanja; kusiyanako kukakula, ndiye kuti chinthucho chili pafupi.

Block matching, imene mu OpenCV (mapulogalamu ounikira zithunzi) imatchedwa StereoBM, imafananitsa kadera kakang'ono ka chithunzi chimodzi ndi ka chinzake. Ndi yachangu ndipo siifuna kompyuta yamphamvu, koma ikakumana ndi khoma losalala lopanda mawanga imasowa pogwira. Za iyo ndilekere pomwepo.

Ma neural network, mapulogalamu ophunzira kuchokera pa zitsanzo zambiri, monga PSMNet ya 2018 ndi RAFT-Stereo ya 2021 amaposa njira zakale pa zithunzi zoyesera za KITTI, ndipo zimenezi n'zimene zinandikopa. Ndinatenga network ina, imene sindiitchula dzina, n'kuiika pa kaloboti koyenda m'nyumba. Mapu a mtunda amene inkatulutsa anali okongola, opanda bowo ngakhale limodzi, moti ndinaikhulupirira msanga. Vuto linaonekera pa kabati yoyera yonyezimira: network sinapeze chofananitsa, koma m'malo movomereza zimenezo inangodzazapo mtunda wongoganizira, ndipo kaloboti kanakagunda pamalo amene mapu ankati ndi otseguka.

Chinandipweteka kwambiri ndi nthawi imene ndinataya ndikukayikira makamera, pamene wolakwa anali network yophunzitsidwa ndi zithunzi za misewu ndi magalimoto. Kuwonjezera apo inkafuna GPU, chipangizo cha kompyuta chowerengera mwachangu, imene imadya ndalama ndi batire lomwe, ndipo zimenezi ndinazizindikira nditayamba kale ntchito.

Semi-Global Matching, imene Heiko Hirschmüller wa ku DLR, bungwe lofufuza za ndege ndi zamlengalenga ku Germany, anaifalitsa mu 2005, siidalira kadera kamodzi kokha, koma imasonkhanitsa umboni kuchokera kumbali 8 kapena 16 isanasankhe disparity. Mapu ake si osangalatsa m'maso, ndipo m'mphepete mwa zinthu simuwongoka bwino. Komabe mukaiuza kuti iyerekeze yankho la kumanzere ndi la kumanja, pamene ziwirizo zatsutsana imasiyapo bowo, ndipo kaloboti ndingakalamule kuti kaime kakaona bowo. N'chifukwa chake ndabwerera ku StereoSGBM, mtundu wa SGM wa mu OpenCV, ngakhale ndikuvomereza kuti mkwiyo wa kabati ija ukadali nane.

Pa zinthu zakutali palibe imene ndimaidalira kwenikweni, chifukwa mtunda ukawirikiza kawiri, cholakwa chimawirikiza kanayi pa njira zonse zitatu.