Matemu atatu ndi Kolibri m'kalasi la masamu ndi sayansi

Ndine mphunzitsi wa masamu ndi sayansi, ndipo ndagwiritsa ntchito Kolibri ndi ophunzira anga kwa matemu atatu tsopano. Ndikulemba ndemangayi chifukwa pamene tinkayamba ndinasowa munthu wondiuza mosapsatira mmene pulogalamuyi imakhalira ukakhala nayo m'kalasi lodzaza ana tsiku ndi tsiku. Pachionetsero cha mphindi khumi chilichonse chimayenda bwino, koma kalasi lenileni ndi nkhani ina. Ndinene pachiyambi pomwe kuti ndikuivomereza ndi mtima wonse, ngakhale chimene chandikopa si chimene ndinkayembekezera.

Kwa amene simunaimvepo, Kolibri ndi pulogalamu yaulere yophunzirira, yopangidwa ndi bungwe la Learning Equality la ku San Diego m'dziko la America. Chiyambi chake ndi cha mu 2012, pamene Jamie Alexandre ndi anzake anapanga pulogalamu ya KA Lite kuti ana athe kuonera mavidiyo ophunzitsa a bungwe la Khan Academy popanda intaneti. Kolibri inatuluka mu 2017 kudzalowa m'malo mwake, ndipo imanyamula zambiri kuposa za Khan Academy zokha: muli maphunziro a CK-12, zoyeserera za sayansi za PhET, tinkhani ta African Storybook ndi zina. Kagwiridwe kake nkosavuta kumvetsa. Mumaika pulogalamuyi pa kompyuta imodzi, imeneyo nkukhala seva, kutanthauza kompyuta yosunga maphunziro nkumawagawira zipangizo zina. Mumailumikiza ku rauta, kachipangizo kofalitsa Wi-Fi, ndipo tabuleti kapena foni iliyonse yomwe yalowa pa Wi-Fi ya rautayo imatsegula maphunziro pongolemba adiresi ya sevayo mu browser, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti. Intaneti imafunika pokopera maphunziro koyamba, ndipo ngakhale pamenepo mutha kungotenga pa fulashi kapena pa hard drive ya sukulu ina yomwe inakopera kale.

Tisanafike pa Kolibri tinayesapo njira ina yofuna intaneti nthawi zonse. Vuto silinali pulogalamuyo, koma netiweki ya kampani yomwe tinkagwiritsa ntchito, yomwe inkadukaduka. Piriyodi ya mphindi 40 inkatha ana akuyang'ana kachizindikiro kozungulira pa sikirini, ine ndili chilili kutsogolo, choko m'manja, osadziwa ngati ndidikirebe kapena ndibwerere pa bolodi. Mapulogalamu ngati Google Classroom, yomwe inatuluka mu 2014, ndi abwino kumene intaneti ndi yodalirika. Kumene siili choncho, kukhala ndi maphunziro onse m'chipinda momwemo, pa laputopu yomwe ukuiona ndi maso, kumakhazika mtima pansi kwambiri.

Kuika pulogalamuyi sikunativute. Ine ndi mphunzitsi mnzanga wa makompyuta tinamaliza masana amodzi pa laputopu yakale ya sukulu. Cholakwa chomwe ndinachita, ndipo ndikuchitchula kuti inu musachichite, nchakuti ndinasankha tchanelo chonse cha Khan Academy, kutanthauza mtolo wonse wa maphunziro ake, nthawi imodzi. Mavidiyowo ndi magigabayiti ambirimbiri, ndipo malo pa laputopu anatha tisanafike pakati. Kolibri imakulolani kusankha mitu yokhayo yomwe mukufuna, ndipo imakuonetsani kukula kwake musanayambe kukopera. Tengani za temu ino zokha, zina mudzaonjezera.

Tsopano ndifike pa chimene chandipangitsa kulemba. Ndinkaganiza kuti phindu lalikulu lidzakhala mavidiyo, kuti mwana amene sanamve ine adzamva wina. Mavidiyowo amathandiza ndithu, koma chimene chasintha kaphunzitsidwe kanga ndi gawo la mphunzitsi, lomwe m'pulogalamumo limatchedwa Coach. M'menemo mumakonza phunziro posankha vidiyo, zowerenga ndi mafunso oyeserera, nkulipereka kwa kalasi lonse kapena kwa kagulu kena. Ana akamagwira ntchito, inu mumaona amene wayamba, amene wamaliza, ndi amene pulogalamu yamuika chizindikiro choti akufunika thandizo. Mukadina pa dzina la mwana mumaona funso lililonse ndi yankho lomwe anapereka.

Muli mtsikana wina m'kalasi mwanga, dzina sindimutchula, yemwe amakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Kope lake ndi laukhondo, sasokosa, sajomba, ndipo ndikafunsa kuti "Tamvana?" iye amagwedeza mutu pamodzi ndi anzake. Kwa miyezi ndinkamuwerengera m'gulu la ana amene alibe vuto. Tsiku lina, titayamba kuphatikiza mafulakishoni, dzina lake linatuluka pa mndandanda wa ofunika thandizo. Nditatsegula mayankho ake ndinapeza kuti sankangolota ayi. Pa 1/2 + 1/3 analemba 2/5. Pa 1/4 + 2/3 analemba 3/7. Funso lililonse ankaphatikiza zapamwamba pazokha, zapansi pazokha, mosaphonya ngakhale kamodzi. Anali ndi lamulo lake m'mutu, lolakwika, ndipo ankalitsatira mokhulupirika. Pochonga makope ambiri mothamanga ndinkangoika mtanda nkupitirira, osaona kuti mitanda yonseyo ili ndi gwero limodzi.

Ndinamuitana pa nthawi yopuma. Anabwera ali njenjenje, akuganiza kuti walakwa. Ndinatenga pepala, tinalipinda pawiri, kenako patatu, mpaka tigawo tonse tinakhala 6. Ndinamuuza kuti adetse theka la pepalalo ndi pensulo, awerenge tigawo: 3. Pa pepala lina lopindidwa chimodzimodzi anadetsa gawo limodzi mwa atatu: tigawo 2. Anakhala phee kwa kanthawi, akuloza tigawoto ndi chala, kenako anati motsitsa mawu, "Aphunzitsi, ndiye kuti ndi 5 mwa 6?" Nditamufunsa kuti, "Nanga iwe bwanji sunkafunsa?" anayankha kuti anzake onse ankaoneka ngati amva, ndiye ankachita manyazi. Pepala lopindalo ndi limene linamuphunzitsa, koma popanda lipoti la Kolibri sindikanadziwa kuti ndimuitane, ndipo akanafika ku aljebura atasenza vuto lomwelo. Chichitikireni zimenezi, ndimatsegula malipoti tsiku lililonse ndisanaweruke, ndipo phunziro la mawa limayambira pa funso lomwe lagwetsa ana ambiri lero.

Mafunso oyesererawo ali ndi khalidwe lomwe ndimalikonda. Mwana sauzidwa kuti wamaliza chifukwa chongoyankha mafunso angapo, ayenera kukhoza chiwerengero china cha mafunso kuti mutuwo uwerengedwe kuti waudziwa. Akakakamira atha kupempha kuti pulogalamu imuunikire njira, koma funso limenelo siliwerengedwa pa zomwe wakhoza. Poyamba anyamata ena ankangodina mwachisawawa kuti amalize msanga. Ataona kuti mafunso sakutha, anayamba kutulutsa makope nkuwerengera pambali. Sindinawakalipire, anadzionera okha.

Pa sayansi, chomwe chimadzaza kalasi ndi chisangalalo ndi PhET. Zoyesererazi zimachokera ku University of Colorado Boulder, ndipo anaziyambitsa mu 2002 ndi Carl Wieman, yemwe analandira mphotho ya Nobel ya fizikisi mu 2001. Pali china chomwe mwana amalumikiza batire, mawaya, babu ndi switchi pa sikirini, nkumaona magetsi akuyenda. Mnyamata wina analumikiza waya kuchokera kumutu kwa batire mpaka kumapeto kwake popanda babu pakati, ndipo batire ya pa sikirini inayaka moto. Anakuwa, kalasi lonse linakhamukira pa desiki yake, ndipo aliyense anathamangira kukayatsa yake. Sindinawaletse. Moto utazima m'matabuleti onse ndinangofunsa kuti, "Nanga babu ikakhalapo bwanji batire sipsa?" Mkangano womwe unabuka pamenepo unatifikitsa pa lamulo la Ohm, lofotokoza kayendedwe ka magetsi m'waya, mosavuta kuposa chaka china chilichonse chomwe ndaphunzitsa mutuwu. Komabe sabata yotsatira ndinabweretsa mabatire enieni, mawaya ndi timababu, chifukwa ana ena omwe ankachita bwino pa sikirini analephera kusenda waya ndi kugwiritsa nsonga pamalo pake. Zala nazo zimafuna kuphunzira.

Zovuta zilipo, ndipo zambiri sizichokera ku pulogalamu koma ku zipangizo. Matabuleti omwe tinagula kwa wogulitsa wina anali osalimba: temu yachiwiri isanathe mabatire a ena anatupa, ena osasunganso moto. Rauta yathu yoyamba inali yaing'ono, ndipo ana onse akatsegula vidiyo nthawi imodzi zonse zinkaima. Tinapeza yokulirapo, komanso ndinasintha kachitidwe: vidiyo timaonera pamodzi kamodzi, kenako aliyense amapita ku mafunso, omwe salemetsa netiweki. Mahedifoni musawaiwale, chifukwa mavidiyo khumi akamalankhula nthawi imodzi m'chipinda chimodzi palibe amene amamva kanthu. Kutchaja nako kumafuna munthu wake ndi ndondomeko yake. Ubwino wogwiritsa laputopu ngati seva ngwakuti magetsi akathima imapitirira ndi batire yake, bola rauta nayo ikhale ndi pogwira moto.

Pali vuto lina lomwe silioneka msanga. Matabuleti athu ndi ochepa kuposa ana, choncho amakhala awiriawiri. Ana awiri akagwira ntchito pa akaunti imodzi, lipoti limanama: wochenjera amayankha, mnzake amangoonerera, ndipo inu mumaona ngati mwini akauntiyo wamva. Zinanditengera masabata angapo kuti ndizindikire. Pano amasinthana, wina akamaliza mafunso ake amatuluka, mnzake nkulowa ndi dzina lake, ndipo amene akudikira amawerengera m'kope. Kolibri imalola kuti ana azilowa ndi dzina lokha popanda pasiwedi, zomwe zimathandiza kwa ana aang'ono, koma kwa akuluakulu ndinabwezeretsa mapasiwedi nditapeza wina akuchitira mnzake ntchito.

Za chinenero ndi silabasi muyenera kuzilingalira musanayambe. Maphunziro ambiri a masamu ndi sayansi omwe tinatenga ali m'Chingerezi, ndipo anakonzedwera ana a maiko ena, motsata dongosolo la makalasi a kumeneko. Mutu womwe inu mumaphunzitsa chaka chino mutha kuupeza m'kalasi lina, kapena utagawidwa patatu. Mwana amene Chingerezi chimamuvuta amatha kulephera funso la masamu chifukwa cha mawu, osati chifukwa cha masamuwo, ndipo lipoti silingakuuzeni kusiyana kwake. Apa mpamene mphunzitsi amafunika kuima pakati, kuimitsa vidiyo, kumasulira m'chinenero chomwe ana amaganizira, nkupitiriza. Pali chida china chotchedwa Kolibri Studio, chomwe chimafuna intaneti, momwe mumasanja maphunziro motsata silabasi yanu, kuikamo manotsi anu ndi mafunso anu, nkupanga tchanelo chanuchanu. Chimagwira bwino ntchito, koma chimadya nthawi. Madzulo ambiri ndawathera pamenepo, ndipo ahedi kapena akomiti amene akuganiza zobweretsa pulogalamuyi adziwe kuti nthawi imeneyi iyenera kupezeka penapake.

Ndikunena izi motsindika chifukwa ndaona mmene anthu amasangalalira ndi makatoni a zipangizo zatsopano. Ntchito ya One Laptop per Child, yomwe inayamba mu 2005, inagawa malaputopu ambiri kwa ana a ku Peru, koma kafukufuku yemwe anachitika kumeneko sanapeze kuti ana akhoza bwino masamu kapena chinenero chifukwa cha malaputopuwo. Lipoti la UNESCO la mu 2023 lokhudza luso lamakono m'maphunziro linachenjezanso kuti umboni wodalirika wa phindu lake ndi wochepa, ndipo wambiri umachokera kwa ogulitsa zipangizozo. Zomwe ndaona m'kalasi mwanga zikugwirizana nazo. Masiku omwe ndinangouza ana kuti "tsegulani Kolibri" popanda phunziro lokonzedwa, ankangodumphadumpha kuchoka pa vidiyo ina kupita pa ina, belu nkulira asanagwire kanthu. Masiku omwe ndinasankhiratu vidiyo imodzi ndi mafunso ake, ndinkatuluka ndikudziwa amene ndiyambe naye mawa.

Chinanso chomwe chimandikhazika mtima pansi nchakuti maina a ana ndi zotsatira zawo zimakhala pa laputopu ya sukulu, ndipo mulibe zotsatsa malonda zosokoneza ana. Koma zimenezi zikutanthauzanso kuti laputopuyo ikafa kapena kubedwa, ntchito yonse ya chaka yapita. Ife timakopera zonse pa hard drive ina Lachisanu lililonse, nkuisunga m'chipinda china.

Ngati sukulu yanu ili ndi intaneti yosadalirika, kompyuta imodzi yolimba, ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri ofunitsitsa kukhala pansi kukonza maphunziro, yambani ndi kalasi limodzi ndi phunziro limodzi. Ife tinayamba ndi masamu okha, sayansi inabwera temu yachiwiri, ndipo mphunzitsi wa Chingerezi wangoyamba kumene kugwiritsa tinkhani ta African Storybook ndi ana omwe kuwerenga kumawavuta. Patchuthi chino ndikusanja tchanelo cha aljebura pa Studio, ndipo patsogolo pa mutu woyamba ndaika mafunso khumi a mafulakishoni, kuti sabata yoyamba yomwe ndidzadziwe amene akuphatikizabe zapamwamba pazokha ndi zapansi pazokha.