Chimbale cha orijino kapena chodindanso, utenge chiti?

Anthu otolera zimbale zakale zoliza ndi singano zija, za nyimbo za rock ndi folk, mkangano wake sumatha, wina akuti orijino basi wina akuti zodindanso zili bho. Ine mtima uli ku orijino, sindibisa. Chimbale cha ma 1960 chinadulidwa kuchokera pa tepi yomwe anajambulirapo nyimbozo ikadali yatsopano, ndiye gitala amamveka ngati woimbayo wakhala nawe mchipinda momwemo, makamaka za mono, zomwe mawu onse amadzera njira imodzi osagawika kumanzere ndi kumanja, poti nthawi imeneyo ambiri ankamvera pa sipika imodzi ndipo ojambula ankalimbikira kwambiri mono yo. Koma aise vuto ndi zaka, chimbale chadutsa mmanja mwa anthu kaya angati, ena ankachiliza ndi singano yakutha mpaka timizere tinadyeka, ukaika nyimbo ya phee ukungomva ngati mvula pa malata ndipo ngakhale utsuke bwanji zodyekazo sizibwerera. Komanso osangokhulupilira chikuto, yang'ana manambala ozokotedwa pafupi ndi lebulo aja amati matrix, ufananize ndi za pa Discogs, webusayiti yokhala ndi mndandanda wa zimbale, apo ayi ulipira mtengo wa orijino pa chinthu chodindidwa pambuyo.

Chodindanso sichivuta, chimabwera choyera ndipo kawirikawiri nchotchipa kuposa orijino yosowa. Koma zoti 180g pa chikuto zisakupusitse, kulemera si kumveka bwino ayi, nkhani ndi komwe anatenga nyimbozo, ena amadula kuchokera pa tepi yeniyeni ena pa fayilo ya dijito.

Ndiye ine folk ndimagula yodindanso poti nyimbo zake nza phee ndiye kukalika kulikonse kumamveka, koma rock ndimasaka orijino ngakhale yokalikako pang'ono, ng'oma zimabisa.